Ayezi Wouma wa Keke ya Tasha

"Ndi ayezi basi."

"Si ayezi."

"Ndi wozizira?"

"Ndi wozizira."

"Ndi woyera?"

"Ndi woyera."

"Ndiye ukufuna akhale chiyani, ufa?"

Wofunsidwayo anali Lughano. Azakhali ake, a Edda, anali atagwada pa simenti kuseri kwa nyumba ya lendi ku Mayville, mumzinda wa Durban, akuduladula selotepi ndi mano. Ankakulunga chikwama chomaliza, cha nsapato. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi akutumiza katundu ku Malawi, sanatayepo ngakhale sokosi imodzi. Kakulungidwe kawo kanali kodziwika kuyambira ku Umlazi mpaka kwa Biwi: pepala lakuda kawiri, pulasitiki yomata pamwamba pake, kenako selotepi mpaka chinthucho chiiwale chimene chinali poyamba. Anthu ankati wa pa boda akaona katundu wa a Edda amayang'ana lumo lake, n'kuyang'ana wotchi, n'kunena kuti dutsani.

Lero anali atakulunga motero bokosi lalikulu losungira zozizira. M'katimo munali keke ya ukwati wa mwana wawo Tasha, umene unali Loweruka likudzalo ku Lilongwe. Keke ya nsanjika zitatu, yopaka kirimu wa batala, ya maluwa amene Tasha anawaona pafoni n'kulengeza kuti ku Lilongwe konse kulibe dzanja lingawapange. Kuti isasungunuke panjira, Gray, mchimwene wake wa Tasha, amene amagwira ntchito kosungira nsomba ku Prospecton, anabwera m'mamawa ndi ayezi wouma, uja sachucha madzi. Anamuyala mozungulira keke, anathandiza kunyamula bokosilo litakulungidwa, n'kuthamangira kuntchito. A Edda anakulunga bokosilo, analikhazika pa mpando wa kuseri kwa dalaivala m'minibasi ya a Kenson, ndipo mpando woyandikana nawo anayikapo chitenje chawo. Pamenepo ndi pamene ankafuna kukhala masiku atatu, mkono uli pa bokosi, mpaka kukalowa m'Malawi pa Dedza.

Lughano anadziwa zonsezi atatola pepala limene ayeziyo anabweramo. Panalembedwa makilo 11. Mtsikanayu anaphunzira kemisitire zaka zinayi ku Zomba, koma ku Durban ankasoka zipi pa makina a azakhali ake, chifukwa mapepala ake opempha chilolezo cha ntchito anali m'chaka chachiwiri akupumula mu ofesi ina. Mutu wokha ndi umene unakana kupumula. Ankakonda ndagi ndi masamu ovuta monga ena amakondera mpira, ndipo nambala ikamugwera m'maso sankatha kuisiya yokha. Anatenga choko chosokera, anawerengetsa kuseri kwa pepala la patani ya siketi, anabwerezanso. Yankho linali lomwelo: azakhali ake akakwera ndi bokosilo mazenera ali otseka, akhoza osadzuka.

"Azakhali," anayambiranso, "mabatani mukagula ambiri, mumawawerenga?"

"Ndilibe nthawi imeneyo. Ndimayika pa sikelo."

"Ifenso timatero. Tinthu timene tapanga ayezi ameneyu n'tating'ono kwambiri, sitiwerengeka kamodzikamodzi. Ndiye anthu anagwirizana mulu umodzi wosasintha, dzina lake molo. Mu molo imodzi muli tinthu sikisi, kutsogolo kwake maziro 23."

"Ziro si kanthu."

"Amenewa ndi kanthu."

"Mulu wake ulibe banyira?"

"Ulibe. Molo imodzi ya ayezi ameneyu imalemera magalamu 44, kachidutswa ngati bokosi la machesi. Koma ameneyu sasungunuka kukhala madzi. Amasanduka mpweya, womwe uja timatulutsa tikapuma. Ndipo mpweya uliwonse, kaya wolemera kaya wopepuka, molo imodzi imadzaza malita 24. Chigubu cha madzi ndi kapamwamba."

A Edda analuma selotepi, n'kulavula kachidutswa.

"Makilo 11 ndi mamolo 250," anapitiriza Lughano. "Ndiwo malita 6,000. Migolo makumi atatu, azakhali."

Mayiwo anadzuka pang'onopang'ono, atagwira m'chiuno. Anayang'ana minibasi imene inaima pageti zitseko zili pululu, apaulendo akulongeza zikwama. Anayang'ana bokosi lija pa mpando wake.

"Migolo makumi atatu ili umo?"

"Ili umo."

"Ndanyamula ine ndi Gray, awiriwiri."

"Inde."

"Ndiye ndili ndi mphamvu, eti. Achimwene! Tabwerani mudzamve. Akuti ndanyamula migolo makumi atatu ndisanamwe tiyi."

A Kenson anatulukira kuseri kwa ngolo imene minibasi imakoka, chingwe chili paphewa. Anali bambo wamfupi, wosafulumira pa chilichonse, wa timabala tambirimbiri m'manja chifukwa asanagule galimoto anawotcherera zitsulo zaka makumi awiri. Anamvetsera Lughano akubwereza masamu ake, maso ali pa matayala.

"Sutuluka nthawi imodzi," anatero mtsikanayo. "Pa ola zigubu ngati zinayi. M'galimotomu mukadzaza anthu ndi katundu, malo a mpweya amatsala ngati migolo 25. Gawo limodzi mwa makumi awiri likakhala mpweya umenewu, mutu umayamba kuwawa, tulo n'kubwera. Limodzi mwa khumi, munthu amagona osadzidzutsa. Loyambalo mulifika musanadutse pa Harrismith, maola atatu okha kuchoka pano. Ndipo bokosi lili kuseri kwa mutu wanu, bambo."

"Tsegulani mazenera," anatero mwamuna wina wapaulendo amene ankamvetsera.

Aliyense anamuyang'ana ngati watukwana m'tchalitchi. Unali mwezi wa Julaye, ndipo kumapiri kuja chisanu chimaluma mpaka m'mafupa. Mazenera awiri a kumbuyo a Kenson anawawotcherera okha ataberedwa foni pa maloboti ku Joni. Komanso panali lamulo limene sankalitchula: anthu khumi ndi anayi akasangalala kuti akupita kwawo amayankhula Chichewa mokweza, ndipo Chichewa chokweza chimadikira kaye kudutsa boda ya Beitbridge chisanatulukire pazenera.

Ngati kuti wamva, mayi mwini nyumba anadutsa ndi dengu la zochapa. Bwalo lonse linakhala chete.

"Sawubona, mama," anatero a Edda m'Chizulu, akumwetulira.

"Yebo," anayankha mayiyo, n'kukhota pakona.

"Ndiye ukuti pa Harrismith," a Edda anabwerera pomwe anasiyira, mawu atatsika. "Ukutsimikiza?"

Lughano akanatha kungoti inde. Koma anthu amene anamuphunzitsa anamuwononga pa chinthu chimodzi: sankatha kunena nambala popanda kunena pomwe ikutsimphina.

"Galimoto ili ndi ming'alu. Wina uzituluka. Sindikudziwa wochuluka bwanji."

"Sakudziwa," a Edda anauza a Kenson.

"Mwina pa Harrismith, mwina pa Joni, mwina mungofika ndi mutu wowawa. Koma sindikufuna tidziwire pa inu."

"Chabwino. Tiyese pompano. Ndilowa, mutseke zitseko zonse, theka la ola. Ndikatuluka wamoyo, nkhani yatha."

Lughano anawerengetsa osafuna. Theka la ola, zigubu ziwiri, m'galimoto imene yakhala yotsegula m'mawa wonse. Azakhali ake akanatulukamo ali bwinobwino, mwinanso atapuma mokwanira kuti amunyoze mpaka Khirisimasi.

"Theka la ola simumva kanthu," anavomera.

"Mwamva, achimwene? Wanena yekha. Sakudziwa, ndipo sindimva kanthu. Zaka zinayi ku Zomba." Anatola chikwama cha nsapato. "Tinyamuke, dzuwa lakwera."

A Kenson anayang'ana wotchi. Lughano anaona kuti akumutaya munthu yekhayo amene anali ndi makiyi. Anayang'ana timabala ta m'manja mwawo.

"Bambo, ndikufunseni ndagi ya ntchito yanu yakale."

"Ndagi nthawi ino?"

"Yaifupi. Powotcherera ndi gasi mumakhala ndi masilinda awiri, la gasi woyaka ndi la okosijeni. Mukafuna lawi labwino, mumatsegula motani?"

Nkhope ya bamboyo inasintha. Panalibe amene anawafunsapo zimenezi chigulireni minibasi.

"Mofanana," anatero. "Uku muyeso umodzi, uku umodzi. Ukachulutsa gasi lawi limachita mwaye. Ukachulutsa okosijeni limalira ngati njoka, chitsulo n'kupsa. Likakhala pakati, kamtima kake kamaoneka koyera, kobulungira. Ine ndinkatchera ndi khutu, osayang'ana n'komwe."

"Mipweya siphatikizana mwachisawawa. Ili ngati kuphika mandasi, makapu ake ndi odziwika. Miyeso iwiri ya gasi wanu imafuna miyeso isanu ya okosijeni kuti ipse yonse. Ndiye kuti umodzi umafuna iwiri ndi theka. Inu munkapereka umodzi. Umodzi ndi theka wotsalawo unkachokera kuti?"

"Buku lako lalakwitsa."

"Silinalakwitse. Gasi ankapsa yense, si choncho? Mwaye panalibe."

"Panalibe."

"Ndiye unkachokera kuti?"

A Kenson anatsitsa chingwe paphewa. Kenako anayamba kuyankhula, osayang'ana munthu.

"Chaka china anandilowetsa m'thanki. Yaikulu, yolowera pa chibowo cha pamwamba. Ndinkamata msoko wa pansi. Poyamba lawi linali bwino. Kenako linayamba kufiira, ine osakhudza kalikonse. Ndinati silinda yatha. Mutu unayamba kugunda apa. Ndinati ndimalize kaye kamsoko aka." Anakanda chibwano. "Anandikoka ndi miyendo. Ndinadzukira panja, mzungu akundiwomba mbama."

"Unkachokera kuti?" anabwereza Lughano, motsitsa.

"Lawi linkadya wanga," anatero a Kenson. "Eish. Linkadya mpweya wanga."

"Ndipo pa miyeso iwiri ya gasi linkakubwezerani miyeso inayi ya mpweya wina. Ndi womwewo uli m'bokosimo. Kusiyana kwake n'kwakuti uwu sufuna moto."

"Achimwene," anatero a Edda, "munali m'thanki. Iyi ndi keke."

Koma a Kenson anali atayamba kale kupita ku galimoto. Anasuzumira pa mpando wa kuseri kwawo, n'kuima. Lughano anafika pambali pawo, nayenso anaima. Bokosi limene m'mawa linali la ngodya zinayi tsopano linalibe ngodya. Pepala lakuda linali litafufuma pakati pa mizere ya selotepi, lili nga, ngati mimba ya mbuzi yodya chinangwa chowawa. Bamboyo analigogoda ndi chala. Linalira ngati ng'oma.

"Walipopa ndani?" anafunsa.

"Ndi kutentha kwa Durban," anayankha a Edda ali kumbuyo.

"Mu Julaye?"

"Ndakulunga bwino, n'chifukwa chake. Katundu wokulunga bwino amaoneka wonenepa."

Zinali zoona kuti anakulunga bwino. Munthu wina aliyense akanasiya kampata penapake. A Edda sanasiye, ndipo mpweya wa maola anayi unali utasowa kolowera. Lughano anauza a Kenson kuti alitsitse pansi mosamala, nkhope atayang'ana kumbali. Analikhazika pa simenti. Apaulendo anabwerera m'mbuyo, kupatula mwana wakhanda amene anali kumsana kwa mayi wake ndipo analibe chonena pa nkhaniyi.

"Musaboole," anatero a Edda. "Achimwene, ndikukupemphani. Marolo a selotepi asanu ndi limodzi."

A Kenson anaboola ndi kiyi wa galimoto. Bokosi linati psiii, ngati tayala, ndipo silinasiye msanga. Bamboyo anayatsa machesi, n'kuyandikiza pa bowo. Moto unazima.

"Mphepo," anatero a Edda. "Ngakhale ine ndikauzira umazima."

Lughano anavomereza kuti zimenezo n'zomveka. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi ndowa yochapira ndi kandulo ya masiku ozima magetsi. Anang'amba bowolo pang'ono, anapendeketsa ndowa pansi pake, n'kudikira mpaka kulira kuja kutachepa. Anaimika ndowayo pakati pa bwalo. Aliyense anasuzumiramo. Munalibe kanthu. Anayatsa kandulo, anaidontheza pa simenti kuti iime, inayaka bwinobwino. Kenako ananyamula ndowa ija ndi manja awiri, n'kuipendeketsa pamwamba pa kandulo monga munthu wothirira mbewu.

Lawi linagwada, n'kuzima. Utsi wa chingwe unatsetsereka pansi m'malo mokwera.

"Ndi wolemera kuposa mpweya wamba," anatero Lughano. "Umayamba kudzaza pansi. Amene wawerama kapena wagona ndi amene amayamba."

Mayi wa khanda uja anamasula mwana kumsana, n'kumunyamula pamwamba, pafupi ndi phewa.

A Edda anayang'ana ndowa, anayang'ana kandulo.

"Ndiye ku Zomba ankakuphunzitsani kuthira ndowa yopanda madzi," anatero. Koma mawu awo anali atachepa thupi.

"Mayi a Tasha," anatero a Kenson, "ichi sichikwera m'galimoto mwanga."

"Keke ya mwana wanga?"

"Keke ikwere. Ayeziyu ayi."

"Ndiye tiike bokosi lonse m'ngolo," anatero Lughano msanga. Anali ataganizira kale. "Kunja kuli mphepo yokwanira. Tingochotsa zokulungazi kuti lizipuma."

Apa ndi pamene anazindikira kuti anawerengetsa mpweya koma sanawerengetse azakhali ake. A Edda anafotokoza modekha, ngati akuphunzitsa mwana kumanga nsapato. Katundu wosakulunga sakwera m'ngolo. Pa Beitbridge ngolo imaima usiku wonse pakati pa anthu a manja aatali. Pa Nyamapanda wa boda akaona chivundikiro chotseguka amatsegula, akaona keke amalawa, ndipo sangamuletse munthu. Ndiponso ngolo ya a Kenson imadumpha.

"Imadumpha," anavomera a Kenson. "Chaka chatha mbale zadothi zinafika ngati miyala ya konkire."

"Tilikulunge, koma tisiye mabowo."

"Chokhala ndi bowo si chokulunga. Chala chikalowa, dzanja limatsatira."

"Tilimange padenga."

"Denga langa lilibe zitsulo," anatero a Kenson. "Ndinazichotsa. Apolisi a pa Musina ankazikonda kwambiri."

Lughano anaima ndi choko m'manja. Inali ndagi yokongola, akanakhala kuti akuiwerenga m'buku. Bokosi likakulungidwa, liphulika. Likapanda kukulungidwa, lidyedwa. M'kati lipha anthu, kunja lipha keke. Inkafanana ndi ija ya munthu wowolotsa fisi, mbuzi ndi chimanga pa bwato limodzi, kungoti ija ili ndi yankho chifukwa mbuzi siyankhula.

"Tichepetse ayezi," anayesa. "Kilo imodzi yokha."

"Ndiyo migolo ingati?" anafunsa a Kenson.

"Pafupifupi itatu."

"M'thanki muja sindikudziwa inali ingati. Ayi."

"Ayezi wamba, wa madzi?"

"Asungunuka tisanafike Joni, n'kunyowetsa keke ndi masiketi a operekeza mkwatibwi," anatero a Edda. "Ukuganiza Gray anavutikiranji?"

Apaulendo anali atayamba kung'ung'udza. Wina anati mlamu wake ali ndi firiji ku Umlazi, koma sanafotokoze kuti firijiyo ithandiza bwanji. A Kenson anakwera pa mpando wawo, n'kuliza injini.

A Edda anapempha lumo. Palibe amene anawaonapo akumasula katundu wawo womwe, ndipo bwalo linaonerera mwaulemu, ngati pamaliro. Anadula selotepi mzere ndi mzere, anachotsa pulasitiki, anachotsa mapepala akuda onse awiri, n'kuwapinda bwinobwino. Atatsegula chivundikiro panatuluka nthunzi yoyera imene inatsikira pansi n'kuyenda pakati pa mapazi a anthu. Lughano anawagwira paphewa kuti asaweramiremo. Anamuchotsa dzanja, koma sanawerame. Anatulutsa katoni ya keke atatambasula mikono, nkhope ili kumbali.

Keke inali bwino. Pa kawindo ka pulasitiki ka katoniyo pankaoneka maluwa a Tasha, ouma gwa, lililonse pamalo pake.

Anakwera nayo m'minibasi. Anakhala pa chitenje chawo, anaika katoni pamiyendo, anaifunditsa bulangete kuti kuzizira kusathawe msanga, n'kuikumbatira. Pa mpando wa bokosi panakhala mayi wa khanda. A Kenson ndi mwamuna wa mazenera uja anakankhira bokosi la ayezi pakona ya bwalo, pamtetete, pomwe linapitiriza kufuka lokha.

Lughano anaima pakhomo la galimoto. Anali atapambana, ndipo ankayembekeza kuti kupambana kumamveka mosiyana ndi mmene ankamvera. Azakhali ake apuma mpweya wabwino mpaka ku Dedza. Mutu wake, umene sunkamva kuletsa, unali utayamba kale ntchito ina: batala amafewa pa kutentha kwakuti, thupi la munthu ndi lotentha mwakuti, mzere wa pa Beitbridge ndi maola akuti, ndipo ku Tete ngakhale mu Julaye dzuwa silidziwa kalendala. Anabisa choko kumbuyo.

"Muyende bwino, azakhali. Mukapereke moni kwa Tasha."

A Edda anakumbatira katoni molimba. Anamuyang'ana kuchokera pamwamba pa bulangete.

"Iwe Lugha. Za ine wawerengetsa, ndamva, zikomo. Ndikuona milomo yako ikuyenda. Wawerengetsanso za kekeyi."

A Kenson anakonza galasi loonera kumbuyo limene linali lokonza kale. Apaulendo onse anapeza choyang'ana m'mafoni mwawo.

"Ifika kapena siifika?"